Kachipewa ka pa Dzina la Chaŵanangwa

Ku Mzimba kuno mwana akamaliza sukulu, anthu samufunsa kuti agwira ntchito yanji. Amamufunsa kuti anyamuka liti. Kopitako sakutchula n'komwe, chifukwa ngakhale mbuzi za pamsika zikudziwa kuti ndi ku Joni. Chaŵanangwa Hara funso limeneli linamufika m'khosi. Iye anaphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta ku Mzuzu, anabwerera pa boma ndi pepala lake labwinobwino, koma ntchito yomwe anapeza inali yothandiza anthu kukumbukira mapasiwedi awo ndi kuwasindikizira zithunzi za pasipoti. Zithunzi zomwezonso zinali za anthu opita ku Joni.

Mkulu wake Esme, yemwe ankagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko, anatopa ndi kumva za mapasiwedi. Anakambirana ndi a Bennet, transipota wa pa Jenda, mmodzi mwa aja amanyamula anthu ndi katundu kupita kummwerako, ndipo mpando unapezeka. Galimoto inali yonyamuka Loweruka.

Chaŵanangwa sankafuna kupita. Sikuti ankaopa ulendo kapena kunyoza ntchito ya mkulu wake. Ankangodziwa kuti zala zake zimadziwa chinthu china, ndipo chinthucho akakachiika m'madzi otsukira mbale za anthu sichidzabwereranso. Mwayi wake unali umodzi basi. Asibweni ake, a Zondwayo, alongo a mayi ake, anali ndi makina ochekera matabwa ku Chikangawa, ndipo anali atatopa ndi kukangana ndi madalaivala kuti lole iti yanyamula matabwa ati. Chaŵanangwa anali atawalonjeza pulogalamu yosunga zonsezo.

"Lachisanu ubwere undionetse chinthu chakocho," anatero pa foni. "Chikagwira, ofesi ndi yako. Chikapanda kugwira, mbwenu ukwere ya Esme. Usatitayitse nthawi, iwe mwana."

"Chigwira, asibweni," anayankha Chaŵanangwa. Ananena mopanda kunjenjemera, chifukwa ankadziwa kuti chigwiradi.

Mtsikanayu, kunena zoona, anali wamakani. Makani ake aakulu anali pa dzina. Bambo ake, amene ankatsogolera kwaya kumudzi ku Engutwini, anamuphunzitsa ali wamng'ono kuti w wa m'dzina lake amavala kachipewa, chifukwa satchulidwa ngati w wa mu "wawa". Ndi uja wofewa, milomo imangoyandikana osagundana. Kusukulu aphunzitsi ochokera m'chigawo chapakati ankakachotsa, iye n'kumakabwezera ndi bolopeni. Pachiphaso anakachotsa, ndipo anadandaula mpaka wolemba uja anamuuza kuti makinawo alibe zipewa, achoke pamzere. Ndiye tsiku lomwe anapeza laputopu yakeyake, itamufunsa dzina, anakasaka chilembocho pa intaneti, n'kuchimata pamalo pake. Anamva bwino kwambiri tsiku limenelo. Panapezeka makina amodzi m'dziko muno olemba dzina lake molondola.

Pulogalamu ya matabwa anali atailemba kale m'chilankhulo cha C, ndipo inkayenda. Ukalemba nambala ya lole, dzina la dalaivala ndi mtundu wa matabwa, inkalandira mwaulemu. Vuto linali loti ukaitseka inkaiwala zonse. Inafunika kuilumikiza ku databesi, nkhokwe imene imasunga zolembedwa ngakhale magetsi atazima. Ndipo kuti pulogalamu ilankhule ndi nkhokweyo pamafunika laibulale, osati ya mabuku ayi, koma mtolo wa khodi yolembedwa kale ndi anthu ena, yodziwa kugogoda pakhomo la databesi. Chaŵanangwa anali nayo pa flashi kuchokera kukoleji. Anaganiza kuti ntchitoyo aimaliza tiyi asanazizire.

Lachitatu m'mawa anakhala m'kachipinda kake kuseri kwa sitolo ya zitsulo, atadzikulunga chitenje pamwamba pa juzi chifukwa June wa ku Mzimba sasewera. Analemba mizere yoitanira databesi, n'kudina batani lomangira pulogalamu.

Woyamba kukalipa anali kompaila. Ameneyu ndi womasulira: amatenga zomwe munthu walemba n'kuzisandutsa chilankhulo cha makina, ndipo ndi womasulira wovuta, wosalola ngakhale kadontho kosowa. Anati sakupeza kafayilo kena kotchula mayina a ntchito zonse za laibulale. Chaŵanangwa anangoseka. Anakopera kafayiloko m'foda momwe munali khodi yake, anadinanso, kompaila uja n'kukhala chete.

Ndiye kunadzuka linka. Kompaila akamaliza kumasulira, zidutswa zimakhala zili mbwee ngati matabwa ochekedwa kale, ndipo linka ndi amene amazikhoma pamodzi kuti zikhale chinthu chimodzi. Linka ameneyu anadzaza sikirini yonse ndi mizere yofiira, yonse yoyamba ndi mawu amodzimodzi: undefined reference. Munthu wosazolowera akanatseka laputopu n'kuyamba kulongedza chikwama. Koma Chaŵanangwa ankadziwa kuti mizere yambiri yofanana ndi dandaulo limodzi lobwerezedwa. Linka ankangonena kuti mayina a ntchitozi wawamva, koma eni akewo sanawaone. Anamulozera laibulale ija pa flashi pomwepo.

Linka anaipeza, anainunkhiza, n'kuikana. Inali ya makina a 64, pomwe kompaila wake wakale uja anali wa 32: bawuti ina, nati ina. Apa Chaŵanangwa anadzimenya pachipumi, chifukwa zimenezi anayenera kuziona yekha. Anagula bandulo ya intaneti, anaima pakhomo pomwe netiweki imagwira bwino, anatsitsa laibulale yoyenera, n'kuisunga bwinobwino m'foda yake ya zikalata. Anamulozera linka malo atsopanowo. Anadina batani atayamba kale kumwetulira.

Mzere unabwera umodzi wokha. Cannot find. Sindikuipeza.

Anatsegula fodayo. Laibulale inali momwemo, ili phee. Anailozanso. Sindikuipeza. Anaifufuta n'kuitsitsanso, poganiza kuti mwina inaduka panjira. Sindikuipeza. Anaisintha dzina, anazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, anayang'ana ngati pali mpata wobisala pakati pa zilembo. Palibe chimene chimapsetsa mtima ngati kuuzidwa kuti chinthu palibe uli kuchiyang'ana ndi maso ako awiri. Dzuwa linapendeka, mwini sitolo anayamba kulowetsa malata ndi mawilibala, linka uja ali pa mawu ake omwewo.

Madzulo amenewo Esme anatumiza uthenga wamawu. "Iwe, usanyamule zovala zambiri, kuno ziliko. Unyamule nyemba zofiira zija ndi chinangwa chouma. A Bennet akuti usachedwe, iwo sadikira munthu." Mawu ake anali osangalala chomene. Chaŵanangwa anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo kwa nthawi yoyamba mantha anamulowa. Anaona kuti atha kupitadi ku Joni chifukwa cha mzere umodzi wa Chingelezi.

Lachinayi masana anapita kukasaka a Goodson. Awa anali a ku Ntcheu, anatumizidwa ku Mzimba kudzayang'anira makompyuta a ofesi ina ya boma, ndipo atakhala zaka zambiri Chitumbuka chawo chinali chikadali pa "yewo" basi. Anawapeza pa chiwaya cha pafupi ndi depoti akudya tchipisi, atakhala pa benchi ngati mwini malo.

"NyaHara!" anamuitana ndi dzina la bambo ake monga amachitira a kuno. "Mwabwera ndi nkhope ya munthu amene linka wamutukwana."

"Ndapota, chonde achimwene, mundionere. Chinthu chili pomwepo koma akuti palibe."

A Goodson anapukuta zala pa pepala, anaika laputopu ya Chaŵanangwa pamaondo, n'kuyamba kufunsa mafunso omwe aliyense wodziwa ntchito amafunsa. Ndi ya 32? Eya. Mwaiika pambuyo pa khodi yanu, osati patsogolo? Eya. Dzina mwalemba bwino? Eya. Anadina batani okha, ngati kuti chala chawo chili ndi mankhwala, ndipo linka anawayankha zomwezo. Anakanda m'mutu.

"Tiyeni tiyese pa yanga," anatero.

Anakopera zonse pa flashi, anaziika m'foda yawo ya zikalata ndendende momwe Chaŵanangwa anachitira, analoza laibulale, anadina. Pulogalamu inamangika osatsokomola n'komwe.

Chaŵanangwa anangoti kukamwa yasa. Khodi yomweyo, laibulale yomweyo, kompaila yemweyo, poti anachita kupatsana chaka chatha. A Goodson anaseka mpaka mnyamata wa chiwaya anatembenuka.

"Basi zatheka! Tengani laputopu yangayi mawa mukawaonetse asibweni anuwo."

"Yayi," anatero Chaŵanangwa. "Nanga Lolemba akadzati ndisinthe kanthu, ndidzathamangira kwa inu ku boma kuno? Ngati sindikudziwa chomwe chavuta, ndiye kuti ntchitoyo sindikuidziwa. Ndisawanamize."

"Makani a anthu a kuno," anatero a Goodson akutola tchipisi china. "Ine ndakuuzani kale vuto lake. Makina anga ndi Mchewa. Anuwo mwawazoloweza Chitumbuka, ndiye linka sakumvana nawo."

Ankangocheza. Koma Chaŵanangwa sanaseke. Anakoka laputopu yake, n'kuyamba kuganiza mokweza. Laibulale yolakwika ija, ili pa flashi, linka anaipeza. Yolondola, ili m'foda yake, sakuipeza. Yolondola yomweyo, ili m'foda ya a Goodson, waipeza. Ndiye vuto silili pa laibulale. Lili panjira yopitira kumene ili. Anayang'ananso mzere wofiira uja, ulendo uno osathamangira kumapeto monga amachitira aliyense, koma kuyambira kumayambiriro, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wa sitandade wani.

Njira yopita ku foda yake inkadutsa pa dzina lake, chifukwa kompyuta imasunga zinthu za munthu m'foda yotchedwa dzina la mwiniwake. Ndipo pamzerepo panalembedwa kuti Cha?anangwa.

Pamalo pa w wa kachipewa panali chizindikiro cha funso. Chinalipo kuyambira dzulo. Anachiyang'ana mwina tsiku lonse, koma diso la munthu siliwerenga dzina la mwiniwake, limangolilonjera n'kudutsa. Linka wakale uja ankadziwa zilembo za Chingelezi zokha. Akafika pa kachipewa ankasokonezeka, n'kumakafunafuna foda ya munthu wina dzina lake Cha-funso-anangwa, yemwe sanabadwe. Khodi yake yokha ankaipeza chifukwa ankayambira m'kati mwa fodamo, osadutsa pachipata.

"Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "mwanena zoona mosadziwa. Ndi Chitumbukadi."

A Goodson anasuzumira, anaona, ndipo anaseka mpaka kutsamwa. Anachita kupempha madzi. Atapezako mpweya anati, "Mayo ine! Zaka zonsezi ndagwira makompyuta, sindinaonepo munthu akugwetsedwa ndi dzina lake lomwe. Chabwino, mankhwala ake ndi osavuta. Tsegulani akaunti ina pa laputopupo, mulembe Chawanangwa wamba wopanda chipewa. Ndani adzadziwe?"

Malangizowo sanali oipa, ndipo akanagwira. Koma anawapereka kwa munthu wolakwika.

"Wosadziwa kuwerenga ndi linka," anatero Chaŵanangwa. "Ndiye wosamuka akhale ine?"

Anatsegula foda yatsopano pamutu penipeni pa disiki, kunja kwa foda ya dzina lake, anaitcha matabwa, zilembo zosavala kanthu, n'kusamutsiramo laibulale. Anamulozera linka njira yachiduleyo. Anadina batani.

Sikirini inakhala zii kwa kamphindi. Kenako pansi panatuluka mzere wakuda wamba wonena kuti zolakwika palibe. Kawindo ka pulogalamu kanatseguka, ndipo pamwamba pake panalembedwa mawu omwe iye analemba yekha Lachitatu m'mawa: Nkhokwe yatseguka.

Sanakuwe. Anatenga tchipisi chachikulu pambale ya a Goodson osapempha, anachiviika mu tsabola, n'kudya. Chimwemwe chinamudzaza mpaka m'zala, ndipo chinali chimwemwe cha munthu amene wapambana osagonjapo kanthu.

"Ndiye mukalowetse bwino zilembo zanu zachilendozo m'databesimo," anatero a Goodson. "Madalaivala a asibweni anu nawonso ali ndi zipewa m'mayina."

"Ndinaiuza kale," anayankha. "Databesi ndi yophunzira. Wosapita kusukulu anali linka yekha."

Lachisanu anakwera minibasi ya ku Mzuzu, n'kutsikira ku Chikangawa nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Kumakina a asibweni ake kunali phokoso la macheka losalola munthu kumva maganizo ake omwe, ndipo utuchi unali paliponse, mpaka mu shuga wa muofesi. A Zondwayo anali munthu wamfupi, wachipewa chaubweya, wosakhulupirira chinthu chomwe sangachigogode ndi chala. Anakhala pampando manja atapinda, kuyang'ana mphwa wawo akukhazikitsa databesi ndi pulogalamu pa kompyuta yafumbi ya muofesimo.

Panja panali lole ya dalaivala wina, a Wilkins, yodzaza kale, yopita ku Lilongwe. Chaŵanangwa analemba nambala yake, dzina la dalaivala ndi matabwa omwe anakwezedwa. Zinaoneka pa sikirini mumzere wooneka bwino.

"Basi?" anafunsa a Zondwayo.

"Basi, asibweni."

A Zondwayo anawerama, anagwira chingwe cha magetsi kukhoma, n'kuchizula. Sikirini inada bii.

"Asibweni! Sazimitsa choncho!"

"Magetsi a kuno amayamba akupempha chilolezo?" anatero akubwezera chingwecho. "Yatsa tione."

Kompyuta inatenga nthawi yake kudzuka, ikudandaula. Chaŵanangwa mtima unali m'malo. Anatsegula pulogalamu. Lole ya a Wilkins inali pomwepo, ndi matabwa ake onse.

A Zondwayo anayandikiza nkhope pa sikirini, anagogoda galasi ndi chikhadabo. Anatuluka panja, anazungulira loleyo akuyang'ana katundu, anabwerera, anayang'ananso.

"Chikukumbuka," anatero. "Lolemba uyambe. Ubwere ndi jekete, kuno kumazizira kuposa ku boma. Za Esme ukamuuze wekha, ine sindilowamo."

Chaŵanangwa anagwada pang'ono, n'kuwomba m'manja. "Yewo chomene, asibweni."

Chaŵanangwa anazengereza kumuuza Esme. Mu minibasi yobwerera anatulutsa foni, n'kuibwezanso m'thumba. Anadziuza kuti nkhani yabwino sifunika kuthamangira. Loweruka m'mamawa anamanga nyemba zofiira ndi chinangwa chouma m'kathumba, analemba dzina la mkulu wake pamwamba, n'kupita pa Jenda.

Galimoto ya a Bennet inali itaima pambali pa msewu waukulu, ngolo yake yakumbuyo itadzaza matumba mpaka kupendekera. Azimayi ankalangiza ana awo aakuluakulu za kuvala ndi kupemphera. Chaŵanangwa anapereka kathumba kake, n'kunena kuti mwiniwake wa mpando sakwera. A Bennet sanafunse chifukwa. Anangotembenuka n'kukodola mayi wina amene anaima ndi chikwama kuyambira m'bandakucha kudikira mwayi wotero, ndipo mpandowo unadzaza Chaŵanangwa asanamalize n'kulankhula komwe.

Anapita kuseri kwa golosale komwe kunalibe phokoso, n'kuimba.

"Wakwera?" anafunsa Esme asanapereke n'moni womwe. "Wakhala cha kuwindo? Uwauze a Bennet akupatse cha kuwindo, iwe umasanza."

"A Esme, nkhwiza yayi. Sindikubwera. Pulogalamu ija yagwira. Asibweni andilemba ntchito, ndiyamba Lolemba."

Anayembekezera kukalipiridwa, ndipo mayankho anali atawakonza kale, onse amphamvu. Koma kukalipa sikunabwere. Ankamva wailesi ikulankhula chilankhulo chachilendo chapatali, ndi madzi akudontha mu sinki.

"Wachita bwino," anatero Esme pamapeto pake. "Zoona wachita bwino, mwana wa amama. Mutu uli nawo kuyambira kale. Kunoko ukanangouwononga."

"Nyemba ndatumiza. Ndi chinangwa chomwe."

"Yewo." Anapumira m'mwamba. "Ine ndinali nditasuntha kale bedi, kuti matiresi ako akwane kukhomako. Ndinagulanso bulangete lachiwiri. Ndimati Lamlungu tizipita limodzi kutchalitchi, pobwera tizikamba Chitumbuka mpaka pakamwa patope. Kuno munthu umatha sabata osatchulidwa dzina lako bwinobwino."

Pa mayankho amphamvu aja a Chaŵanangwa panalibe ndi limodzi lomwe logwira ntchito apa. Masiku onsewa ankaganiza kuti mkulu wake akumusakira ntchito. Sanaganizepo kuti Esme akusaka munthu. Chisoni chinamugwira, ndipo chinamupweteka kwambiri chifukwa ankadziwa kuti ngakhale atamva zimenezi, sakwerabe.

Kumsewu galimoto ya a Bennet inaliza hutala, n'kuyamba kuyenda molemedwa kulowera kummwera.

"A Esme," anatero, mawu akunjenjemera, "pepani chomene."

"Usalire, iwe, uli pagulu," anatero Esme, iyenso mawu atasintha. "Bulangetelo silitayika. Ndizifunda onse awiri. Chaka chino kuno kukuzizira."